Dotolo akacoka, mbiri ya matenda anu imatsala ndi yani?

Mwina zinakucitikiranipo. Mwadzuka mbandakuca. Mwayenda wapansi, kapena mwalipira njinga yamoto, mpaka ku cipatala ca ku Furancungo kapena ca ku Tsangano. Mwakhala pa mzere mpaka dzuwa lafika pa liwombo. Dzina lanu laitanidwa, mwalowa. Koma pa mpando paja pali nkhope yacilendo. Mukufunsa kuti, "Pepani, nanga adotolo aja ali kuti?" Yankho ndi lalifupi: "Anasamutsidwa." Kapena: "Anapita kusukulu."

Ndiye mukuyamba kufotokoza zonse kucokera pa ciyambi. Akukufunsani kuti, "Mumamwa mankhwala anji?" Inu mukuti, "Timapiritsi toyera tating'ono." Koma mapiritsi oyera alipo ambirimbiri. Munthu watsopanoyo sakudziwa kuti caka catha mankhwala ena anakutulutsani zidzolo thupi lonse. Sakudziwa kuti mayi anu anafa ziwalo cifukwa ca kuthamanga kwa magazi. Zonsezi zinali m'mutu mwa amene wacoka uja.

Nkhaniyi ikukhudza tonse a ku Macanga ndi a ku Tsangano. Tiyeni tiione bwinobwino. N'cifukwa ciyani madotolo ali ocepa? N'cifukwa ciyani sakhalitsa? Nanga ife tingatani kuti cithandizo cathu cisaduke iwo akacoka?

Dotolo wa banja ndi ndani?

M'maiko ena, monga ku Portugal, banja limalembetsa kwa dotolo mmodzi. Amamuchula kuti médico de família, ndiko kuti dotolo wa banja. Ameneyo amaona mwana, mayi, bambo ndi agogo kwa zaka zambiri. Amadziwa matenda a m'nyumbamo ngati mmene inu mumadziwira munda wanu: apa pamakhala madzi, apo pali ciswe, uko kumafuna manyowa.

Kodi kudziwana kotere kumathandizadi? Inde. Mu 2018 akatswiri a ku Britain anasonkhanitsa zofufuza 22 zocokera m'maiko 9. Mwa zimenezo, 18 zinaonetsa kuti imfa zimacepa pakati pa anthu amene amaonedwa ndi dotolo yemweyo nthawi ndi nthawi. Cifukwa cake n'cosavuta kumva. Munthu amene akukudziwani amaona msanga kuti mwaonda. Inunso mumamasuka kumuuza zobisika. Akakulangizani, mumamvera, pakuti mumamukhulupirira.

Koma ngakhale ku Portugal komweko, anthu opitirira 1 miliyoni alibe dotolo wa banja. Madotolo akale akupuma pa nchito, ndipo olowa m'malo mwawo sakukwana. Ngati kumeneko kuli conco, nanga kwathu kuno?

Kuno ambiri a ife sitinakhalepo ndi dotolo wa banja. Ndipo kawirikawiri munthu amene timamuitana kuti "adotolo" m'cipatala caching'ono ca kumudzi amakhala técnico de medicina kapena namwino. Koma vuto ndi limodzi lomwelo. Amene amadziwa thupi lanu akacoka, mumayambiranso.

Kucepa kwa madotolo sikunayambe lero

Pamene Mozambique inalandira ufulu mu 1975, madotolo ambiri anali Apwitikizi, ndipo ananyamuka kubwerera kwawo. M'dziko lonse munatsala madotolo osakwana 100, pa anthu pafupifupi 10 miliyoni. Pa 24 Julayi 1975 boma la Samora Machel linatenga zipatala zonse kuti zikhale za boma. Linayamba kumanga zipatala zazing'ono m'midzi ndi kuphunzitsa anthu atsopano.

Kenaka kunabwera nkhondo. Acikulire akukumbukira. Zipatala zambiri za m'midzi zinawonongedwa kapena kutsekedwa. Ogwira nchito anathawira m'mizinda. Mabanja ambiri a kuno anaolokera ku Malawi, ku Ntcheu ndi ku Dedza. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo nchito yomanganso inayambira pansi.

Lero zinthu zasintha ndithu. Sukulu za madotolo ziliko ku Maputo, ku Beira, ku Nampula, ndipo ngakhale mu mzinda wa Tete muli ya yunivesite ya UniZambeze. Madotolo tsopano ali m'zikwi. Koma anthu nawonso aculuka, apitirira 30 miliyoni. Tikagawa, dotolo mmodzi amagwera anthu opitirira 10,000. Komanso kugawa kumeneku n'kwa pa pepala cabe. Madotolo ambiri ali m'mizinda ikuluikulu. Macanga ndi Tsangano, boma lililonse lili ndi anthu opitirira 100,000, koma madotolo a m'maboma a kumidzi ngati amenewa amakhala owerengeka. Mmodzi akacoka, dzenje lake limaoneka.

N'cifukwa ciyani sakhalitsa?

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Dotolo wa kumudzi nthawi zambiri amakhala mlendo. Musafulumire kumunena kuti ndi wonyada. Taonani mmene zimayendera.

Coyamba, amene amatumizidwa ku maboma akutali kawirikawiri ndi acinyamata amene angomaliza kumene zaka 6 za maphunziro. Akagwira zaka zocepa, amafuna kukaphunzira ukatswiri, monga wa opaleshoni kapena wa matenda a ana. Maphunziro amenewo amacitikira m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. Akamaliza, nchito ya katswiri imakhalanso komweko.

Caciwiri, dotolo nayenso ali ndi banja. Mkazi wake kapena mwamuna wake mwina ali pa nchito ku Tete kapena ku Beira. Kucokera ku Furancungo kukafika mu mzinda wa Tete ndi ulendo wa makilomita opitirira 100, ndipo nthawi ya dzinja msewu umavuta. Nyumba, madzi, magetsi ndi sukulu ya ana, zonsezi amaziwerengera.

Cacitatu, pali ena amene amalipira bwino kuposa boma. Akatswiri ena anatsata madotolo 723 a m'dziko muno amene anamaliza maphunziro pakati pa 1980 ndi 2006. Anapeza kuti mmodzi mwa anayi aliwonse anali atasiya nchito ya boma. Ambiri mwa osiyawo sanapite kunja ayi. Anali mommuno, koma m'mabungwe othandiza ndi m'malo ena osakhala a boma.

Cacinayi, dotolo wa pa boma amasenzanso nchito ya mu ofesi. Amalemba malipoti, amapita ku misonkhano, amayendera zipatala zazing'ono. Ndiye ngakhale asanasamuke, masiku ena simumupeza.

Zimene zacitika zaka zapitazi

Mwina munamva pa wailesi za kunyanyala nchito, kumene ambiri timati greve. Bungwe la madotolo, Associação Médica de Moçambique, linanyanyala mu 2013. Linanyanyalanso mu Disembala 2022, ndiponso mu Julayi ndi Ogasiti 2023. Madandaulo awo anali a malipiro, makamaka boma litabweretsa ndondomeko yatsopano ya malipiro yochedwa TSU mu 2022. Ankadandaulanso za ndalama za maola owonjezera ndi za kusowa kwa zipangizo. Anamwino ndi ogwira nchito ena nawonso ananyanyala m'zaka zomwezi. Munthu wodandaula pa nchito sacedwa kuyang'ana kwina.

Cina cinacitika kutali, koma cinatifika. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lambiri limene linkapereka ku maiko ena, ndipo bungwe lake la USAID linatsekedwa caka comweco. Ndalama za ku America ndi zimene zakhala zikulipira mbali yaikulu ya nchito yolimbana ndi HIV m'dziko muno. M'malo ambiri, alangizi ndi ma activista amene malipiro awo ankacokera kumeneko anaimitsidwa. Amenewa ndi anthu amene ankabwera kunyumba kudzafunsa kuti, "Bwanji simunabwere kudzatenga mankhwala?" Iwonso anali mbali ya cikumbukiro ca cipatala.

Boma kumbali yake linayambitsa mu 2019, pa nthawi ya Pulezidenti Filipe Nyusi, nchito yochedwa Um Distrito, Um Hospital, yofuna kuti boma lililonse likhale ndi cipatala cacikulu. Ganizo limeneli ndi labwino. Koma kumanga makoma kumafulumira kuposa kuphunzitsa dotolo. Ndipo kumusunga pa malo amodzi n'kovuta kuposa zonse ziwiri.

Cimatayika n'ciyani?

Ngati mwadwala malungo, aliyense wodziwa nchito angakuyezeni magazi, n'kukupatsani mankhwala a masiku atatu, basi mwacira. Apa kusintha kwa dotolo sikuvuta kwenikweni. Vuto lili pa matenda a mgonagona ndi pa cithandizo cotenga nthawi.

Cifuwa cacikulu cimafuna kumwa mankhwala miyezi 6 osadumphitsa. Mukalekera panjira, matenda amabwerera, ndipo mwina amabwera osamvanso mankhwala. Mankhwala a TARV ndi a tsiku ndi tsiku, moyo wonse. Mukadukiza, kacirombo kamaculukanso m'magazi. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikupweteka, motero munthu amaganiza kuti wacira. Akasiya mankhwala, tsiku lina amangogwa, ziwalo kufa. Wa khunyu akasiya mankhwala mwadzidzidzi, kugwa kumabwerera, mwina ali pafupi ndi moto kapena pa mtsinje. Wa shuga amafuna womutsata kuti mlingo wa mankhwala ukhale woyenera.

Taganiziraninso mayi woyembekezera amene mwana wake woyamba anabadwa mwa opaleshoni. Mayi wotere ayenera kuberekera ku cipatala cimene cimacita opaleshoni, monga ca ku Ulongwe kapena cacikulu ca ku Tete. Amene ankamuona ku sikelo amadziwa zimenezi. Akacoka osalemba, ndipo mayiyo osanena, watsopano angaganize kuti zonse zili bwino. Tsiku la matenda likafika usiku, mvula ikugwa, galimoto kulibe, nthawi imakhala itatha.

Amene amatsala

Pali mfundo imene anthu ambiri saidziwa. Pofuna kutseka dzenje la madotolo, Mozambique inayamba mu 1984 kuphunzitsa ma técnico de cirurgia, anthu osakhala madotolo koma odziwa kucita opaleshoni. Kafukufuku amene anatuluka mu 2007 anaonetsa zinthu ziwiri. Pa maopaleshoni akuluakulu 10 alionse a amayi oyembekezera m'zipatala za m'maboma, 9 ankacitidwa ndi ma técnico. Ndipo patapita zaka 7, pafupifupi 9 mwa ma técnico 10 alionse anali adakali ku zipatala za m'maboma, pamene madotolo amene anayamba nawo limodzi onse anali atacoka.

Kodi izi zikutiuza ciyani? Zikutiuza kuti cikumbukiro ca cipatala nthawi zambiri cimakhala mwa técnico, mwa namwino, mwa mzamba, ndi mwa wopereka mankhwala pa zenera. Enafe timawaderera. Timati, "Ine ndikufuna adotolo enieni." Koma namwino amene wakhala pa cipatala canu zaka 10 amadziwa ana anu onse ndi maina awo.

Palinso ma APE, anthu a m'mudzi mwanu momwemo, osankhidwa ndi inu. Nchito yawo inayamba mu 1978 ndipo inatsitsimutsidwa mu 2010. Amayeza malungo, amathandiza ana otsegula m'mimba ndi a cibayo, ndipo amatumiza ku cipatala amene matenda awo ndi aakulu. APE sasamutsidwa ngati dotolo, pakuti munda wake uli pomwepo.

Ndipo pali nzeru ina imene inabadwira m'cigawo cathu ca Tete. Mu 2008 odwala, akuluakulu a zaumoyo a m'cigawo ndi bungwe la Médicos Sem Fronteiras anayambitsa magulu ochedwa GAAC. Anthu osapitirira 6 a pa TARV amagwirizana. Mwezi uno wina amapita kukatengera onse mankhwala, mwezi wamawa wina. Amakumbutsana, amawerengerana mapiritsi, ndipo wina akadwala anzake amadziwa msanga. Unduna wa Zaumoyo, MISAU, unafalitsa nzeruyi dziko lonse, ndipo maiko ena monga Malawi ndi Zimbabwe anatengera. Dotolo angasinthe katatu, koma gulu limakhala lomwelo.

Tinene zoona: técnico, namwino ndi APE sangacite zonse zimene dotolo amacita. Pali matenda ovuta amene amafuna maphunziro aatali. Conco tisaleke kupempha madotolo. Koma pamene tikupempha, tisataye zimene tili nazo m'manja.

Ife a m'malire tili ndi vuto lina

Ambiri a ku Tsangano ndi a ku Ntengo-wa-Mbalame amagulitsa mbatata ya kacewere m'misika ya m'malire, ndipo ali ndi abale ku Ntcheu ndi ku Dedza. Akadwala, ena amaolokera ku cipatala ca ku Malawi cifukwa ndico cili pafupi. Kumeneko amalemba m'kabuku ka cipatala, m'Cingerezi. Kuno amalemba pa makhadi, m'Cipwitikizi. Zipatala ziwirizi siziuzana za inu. Wonyamula uthenga ndinu nokha.

Ndiye musabise. Mukapita uko, onetsani khadi la kuno. Mukabwera kuno, onetsani kabuku ka uko. Maina a mankhwala amafanana m'zinenero zonse ziwiri, ndipo wogwira nchito adzawazindikira. Mukabisa, angakupatseni mankhwala amodzimodzi kawiri, kapena mankhwala osagwirizana. Makamaka a TARV ndi a cifuwa cacikulu, sankhani cipatala cimodzi cotengerako, ndipo mukafuna kusintha, pemphani kalata.

Zimene inu mungacite

Sungani mapepala onse a kucipatala pamodzi, m'pepala la pulasitiki, kutali ndi mvula, makoswe ndi ciswe. Khadi la sikelo ya mwana, khadi la mayi woyembekezera, khadi la TARV, zotsatira za magazi, zonsezo. Pa khadi la TARV pali nambala yochedwa NID. Ilembeni pa malo ena, kuti khadi likatayika akupezeni m'mabuku.

Gulani kope laling'ono, likhale la matenda a m'banja. Tsamba limodzi, munthu mmodzi. Lembani dzina la matenda, dzina la mankhwala, mapiritsi angati, kangati pa tsiku, ndi tsiku lobwererako. Ngati dzina la mankhwala ndi lovuta, koperani cilembo cimodzicimodzi kucokera pa kapaketi. Ngati kulemba kukukuvutanibe, pemphani wa pa zenera la mankhwala akulembereni ndi zilembo zikuluzikulu. Musacite manyazi.

Ngati mankhwala ena anakupwetekanipo, monga kutulutsa zidzolo, kutupitsa nkhope kapena kubanikitsa, lembani dzina lake pamwamba penipeni pa tsamba. Nenani zimenezi kwa aliyense watsopano asanalembe mankhwala.

Mukamva kuti amene amakuonani akusamuka, mufunseni kuti, "Adotolo, mukacoka ndidzaonana ndi yani? Mwalemba zonse mu fayilo yanga?" Limeneli si funso lamwano. Wogwira nchito wabwino amalikonda.

Mukamasamuka inuyo, kaya kupita ku fodya ku Macanga, kaya ku ganyu ku Moatize kapena ku Joni, pitani kaye ku cipatala. Pemphani kalata yosamukira, yochedwa guia de transferência. Funsaninso ngati mungalandire mankhwala a miyezi itatu nthawi imodzi, pakuti odwala a TARV amene ali bwino amaloledwa kutero.

Uzani munthu mmodzi wa m'banja amene mumamukhulupirira za matenda anu ndi pamene kope limakhala. Tsiku lina mwina adzakunyamulani muli cikomokere, ndipo iyeyo ndi amene adzakuyankhulirani.

Ndipo musadikire dotolo amene munamuzolowera. Mwana akamakomoka kapena kupuma movutika, mayi woyembekezera akamataya magazi kapena mutu ukamamupweteka kwambiri, munthu pakamwa pakapotoka mwadzidzidzi, thamangani kwa amene alipo.

Zimene tingapemphe pamodzi

Mutu umodzi susenza denga. Zina n'zoposa munthu mmodzi, koma pali pokanenera. M'midzi muli makomiti a zaumoyo. Pa cipatala pali komiti yoyendetsa zinthu mogwirizana ndi anthu, yochedwa comité de co-gestão. Pa boma pali ofesi ya SDSMAS, imene imayang'anira zaumoyo m'boma lonse. Kudzera mwa amfumu ndi makomiti amenewa, tingapemphe zinthu zooneka.

Tipemphe kuti wogwira nchito akamasamuka, anthu auzidwe nthawi idakalipo. Tipemphe kuti wocoka ndi wobwera akhale limodzi masiku angapo, aonetsane mafayilo a odwala a mgonagona. Tipemphe kuti mafayilo asungidwe mwadongosolo, kuti munthu asabwezedwe cifukwa fayilo yasowa. Tifunse za nyumba ndi madzi a ogwira nchito, pakuti wogona bwino amacedwa kupempha kusamuka. Ifenso tiwalandire ngati anthu. Dotolo wocokera ku Maputo kapena ku Quelimane sadziwa Cinyanja, ndipo kuzizira kwa ku Tsangano sanakuzolowere. Kumuphunzitsa moni ndi mau ochulira ululu kumathandiza inu nomwe.

Cina cili m'nyumba zathu. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, OMS, limalangiza maiko kuti aziphunzitsa ana a kumidzi nchito za cipatala, cifukwa iwo ndi amene amabwerera kumudzi n'kukhazikika. Mu mzinda wa Tete muli Instituto de Ciências de Saúde, kumene amaphunzitsa anamwino ndi ma técnico. Namwino amene adzakhale ku Chidzolomondo zaka 20 mwina ndi mtsikana amene lero ali m'kalasi yacisanu. Akakwatiwa ali wamng'ono, kapena akasiyira sukulu pa munda wa fodya, mudzi wataya namwino wake.

Madotolo adzapitiriza kubwera ndi kucoka kwa zaka zambiri ndithu. Zimenezo sitingaziletse lero. Koma mbiri ya matenda anu siyenera kukwera nawo galimoto. Madzulo ano tengani khadi lanu kapena kapaketi ka mankhwala, mukhale pamene pali kuwala. Werengani dzina la mankhwalawo mokweza, pang'onopang'ono, mpaka lilowe m'mutu. Kenaka lilembeni m'kope. Mukadzapeza nkhope yacilendo pa mpando paja, mudzapereke moni, mutsegule kope lanu, muyambire pamene munalekezera.